Nyumba Zikuluzikulu za ku Britain m'Zithunzi Zakale: Zimene Kamera Inasunga ndi Zimene Inasiya

Kuyambira m'zaka za m'ma 1500 kufikira pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaulika mu 1914, chuma ndi ulamuliro wa ku Britain zinali m'manja mwa mabanja ochepa amene anali ndi malo aakulu olima, ndipo banja lililonse lotere linali ndi nyumba yaikulu kumudzi imene inali likulu la minda yake, malo olandirira alendo olemekezeka, komanso chizindikiro cha udindo wake m'dziko. Nyumba zimenezi, zomwe zina zinali ndi zipinda zoposa 100, zinayamba kujambulidwa luso la kamera litangobadwa kumene, moti lero m'nkhokwe za zinthu zakale za dzikolo muli zithunzi zikwizikwi zoonetsa zipinda zochezera, makwerero, madenga okongoletsedwa ndi pulasitala ndiponso mipando imene inali m'menemo. Popeza nyumba zambiri zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1900 ndipo katundu wake anamwazikana pa okushoni, zithunzizi ndizo umboni waukulu umene watsala wa mmene m'katimo munkaonekera. Komabe umboni umenewu, monga wa mboni iliyonse pabwalo la milandu, uyenera kufunsidwa kuti unachokera kwa yani ndipo unaperekedwa ndi cholinga chanji, chifukwa bata ndi dongosolo zimene zimaoneka m'zipindazo zinapangidwa ndi zinthu ziwiri, zomwe ndi kufooka kwa zipangizo zojambulira za nthawiyo ndi zofuna za anthu amene ankalipira wojambula.

Kamangidwe kamene kamera inakapeza

Pamene ojambula oyambirira ankalowa m'nyumbazi, anapeza zipinda za mibadwo yosiyanasiyana zitasanjikizana, popeza banja lililonse linkawonjezera kapena kusintha zimene makolo ake anamanga. Chipinda chakale kuposa zonse chinali holo yaikulu ya pakhomo, imene m'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 mwininyumba ankadyeramo pamodzi ndi antchito ake onse, koma imene pambuyo pake inasanduka malo ongolandirira alendo eni ake atasamukira m'zipinda zawozawo zam'mwamba. M'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba kunatchuka chipinda chachitali ngati msewu, chokhala ndi mazenera ambiri mbali imodzi ndi zithunzi zopenta za makolo mbali inayo, chimene anthu ankayendamo kuwongola miyendo kunja kukamagwa mvula kapena chipale. Chitsanzo chodziwika cha chipinda chotere chili ku Hardwick Hall m'chigawo cha Derbyshire, nyumba imene mayi wolemera wotchedwa Bess of Hardwick anamangitsa pakati pa 1590 ndi 1597, ndipo chipindacho n'chotalika pafupifupi mamita 50.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700, amisiri olemba mapulani anayamba kundandalika zipinda zolandirira mfumu kapena mlendo wina wamkulu mumzere umodzi, zitseko zake zitayang'anizana, kotero kuti munthu woima pachitseko choyamba ankatha kuona mpaka kuchipinda chogona chimene chinali kumapeto, ndipo ulemu wa mlendo unkadziwika ndi kutalika kwa mtunda umene ankaloledwa kulowa mumzerewo. Umu ndi mmene zinamangidwira Chatsworth ndi Blenheim Palace, yomwe John Vanbrugh anayamba kumanga mu 1705. M'badwo wotsatira unatengera kamangidwe ka Aroma akale, kokhala ndi nsanamira zazitali pakhomo ndi zipinda za muyeso wolinganizidwa bwino, ndipo Robert Adam, amene anakongoletsa Kedleston Hall ndi Syon House, ankalemba yekha mapulani a siling'i, kapeti ndi mipando ya chipinda chimodzi kuti zonse zigwirizane. Pofika nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, nyumba inali itagawidwa kwambiri potengera udindo wa anthu, ndipo buku la Robert Kerr la mu 1864 lotchedwa The Gentleman's House linalangiza kuti banja ndi antchito azikhala ngati magulu awiri osiyana, aliyense ndi makwerero ake ndi njira zake, kuti asamakumane popanda chifukwa.

Zenera la ku Lacock ndi vuto la kuwala

Mbiri ya kujambula zithunzi ku Britain inayambira m'nyumba yamtundu womwewu. Lacock Abbey, m'chigawo cha Wiltshire, inakhazikitsidwa mu 1232 ngati nyumba ya masisitere, ndipo Mfumu Henry VIII atatseka nyumba za amonke ndi masisitere inagulitsidwa n'kusandutsidwa nyumba ya banja. Mwini wake m'zaka za m'ma 1830 anali William Henry Fox Talbot, katswiri wa masamu ndi sayansi, amene mu Ogasiti 1835 anaika kabokosi kamatabwa kokhala ndi lenzi, lomwe ndi galasi losonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, moyang'anizana ndi zenera lina la m'nyumbamo. M'kabokosimo munali kapepala konyikidwa m'madzi amchere n'kupakidwa mankhwala a siliva amene amada akawombedwa ndi kuwala, ndipo chimene chinatuluka chinali chithunzi chaching'ono ngati sitampa, chimene magalasi a zeneralo anaoneka akuda pomwe mafelemu ake anaoneka oyera. Talbot analemba pambali pake kuti timagalasi ta zeneralo, pafupifupi 200, tinkatheka kuwerengedwa pogwiritsa ntchito galasi lokulitsa zinthu. Chithunzi chotembenuka choterechi ndicho chimatchedwa negetivi, ndipo cha ku Lacock ndicho chakale kuposa zithunzi zonse zotembenuka zimene zilipo lero zojambulidwa ndi kamera.

Sizinangochitika mwangozi kuti chithunzi choyambacho chikhale cha zenera osati cha chipinda, chifukwa zenera ndilo linali chinthu chokhacho chowala mokwanira kuti pepalalo lichigwire. Vuto limeneli linapitirira kwa zaka zoposa 40. M'buku lake lotchedwa The Pencil of Nature, limene linatuluka m'magawo pakati pa 1844 ndi 1846, Talbot anaikamo zithunzi za mbale zadothi ndi za mabuku osanjidwa pamashelefu, ndipo anaoneratu kuti chithunzi chotere chingadzathandize kukhoti ngati mbala itaba katunduyo, koma zipinda zenizeni zinali zisanatheke kujambulidwa bwino. Njira ya kolodiyoni, imene Frederick Scott Archer analengeza mu 1851, inkagwiritsa ntchito galasi lopakidwa mankhwala omata ndipo inkatulutsa zithunzi zooneka bwino kwambiri, koma galasilo linkayenera kujambulidwa ndi kutsukidwa lisanaume, zomwe zinkapereka mphindi 10 kapena 15 zokha, pamene chipinda chamdima chinkafuna nthawi yoposa pamenepo. Zinthu zinasintha magalasi ouma opakidwa jelatini, womwe ndi ulimbo wochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, atayamba kupangidwa m'mafakitale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870 kutsatira ntchito ya Richard Leach Maddox ya mu 1871, popeza galasi louma linkatha kukhala m'kamera kwa nthawi yonse imene wojambula ankafuna, n'kukatsukidwa atabwerera ku London.

Ngakhale zinali choncho, kujambula chipinda chimodzi inali ntchito yofuna kuleza mtima. Wojambula ankaimika kamera yaikulu yamatabwa pamiyendo itatu pakona ya chipinda, n'kudzifunda nsalu yakuda kuti aone chithunzi chozondoka chimene chinkaoneka pagalasi lakumbuyo, ndipo ankaonetsetsa kuti kamerayo yaima chilili, chifukwa ikapendekeka pang'ono makoma ndi nsanamira zinkaoneka ngati zikugwera m'kati. Pofuna kuti mpando wapafupi ndi chitseko chakutali zonse zioneke bwino, ankachepetsa kwambiri kabowo kolowera kuwala, ndipo zimenezi zinkachititsa kuti lenzi ikhale yotsegula kwa mphindi zambiri, nthawi zina kupitirira ola. Mazenera ankavutitsa mwapadera, popeza kuwala kwawo kunkapyola mankhwala, kugunda kumbuyo kwa galasi n'kubwereranso, motero kuzungulira zenera lililonse kunkachita chifunga choyera chimene chinkameza makatani ndi mafelemu. Pothana ndi zimenezi, ojambula ankapaka utoto wakuda kumbuyo kwa galasi, kapena ankatseka makatani a zenera loonekera m'chithunzi kwa nthawi yambiri n'kuwatsegula kanthawi kochepa chakumapeto, ndipo m'makona amdima ankawalitsamo ndi magalasi oonera nkhope, nsalu zoyera kapena kuyatsa kachingwe ka maginiziyamu, chitsulo chimene chimayaka ndi kuwala koyera.

Zotsatira za njira imeneyi zimaoneka m'zithunzi zonse za nthawiyo. Munthu aliyense woyenda m'chipinda lenzi ili yotsegula sankaoneka konse, kapena ankangosiya kamthunzi kofufuma, ndiye chifukwa chake zipindazo zimaoneka zopanda anthu ngakhale zinali m'nyumba zodzaza ndi ana, alendo ndi antchito. Kuwonjezera apo, magalasi oyambirirawo ankagwira kwambiri mtundu wabuluu koma sankagwira mtundu wofiira, moti khoma lokutidwa ndi nsalu ya silika yofiira linkatuluka lakuda bii, ndipo zokongoletsa zagolide zinkaoneka zothimbirira, kufikira pamene magalasi ogwira mitundu yonse anayamba kugulitsidwa mu 1906. Maganizo ofala akuti zipinda za m'nthawi ya Victoria zinali zamdima ndi zosasangalatsa anachokera mbali ina ku chilema chimenechi cha mankhwala, chifukwa nsalu ndi mapepala a m'makoma amene apulumuka amaonetsa kuti anthuwo ankakonda mitundu yowala kwambiri.

Bedford Lemere ndi chipinda chodzaza

Kampani imene inatchuka kwambiri pa ntchitoyi inali ya Bedford Lemere, imene inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1860 ndipo inali ndi ofesi pamsewu wa Strand ku London. Mwana wa mwini wake, Harry Bedford Lemere, amene anabadwa mu 1865 n'kumwalira mu 1944, ndiye anaikweza kufika poti amisiri omanga, makampani okongoletsa nyumba ndi eni nyumba olemera ankaiona ngati yoyamba kuitanidwa nyumba ikangotha kumangidwa kapena kukonzedwanso. Kampaniyi inkagwiritsa ntchito magalasi a mainchesi 12 m'litali ndi 10 m'lifupi, omwe ndi pafupifupi masentimita 30 ndi 25, ndipo chithunzi chinkasindikizidwa pogunditsa pepala pagalasilo popanda kuchikulitsa, n'chifukwa chake munthu angathe kuwerenga mitu ya mabuku a pashelefu kapena kuzindikira maluwa olukidwa pakapeti. Galasi lililonse linkapatsidwa nambala, ndipo m'mabuku a kampani ankalembamo tsiku, malo ndi dzina la amene anaitanitsa ntchitoyo. Magalasi oposa 20,000 a kampaniyi akusungidwa lero ndi bungwe la Historic England.

Chipinda chochezera cha m'ma 1890 chimene chimaoneka kawirikawiri m'magalasi amenewa n'chodzaza moti malo opondapo ndi ochepa. Makoma ndi okutidwa ndi pepala lamaluwa, pamwamba pake papachikidwa zithunzi zopenta m'mizere iwiri kapena itatu, m'makona muli mitengo ya kanjedza yobzalidwa m'miphika, piyano yafunditsidwa nsalu yamphonje, ndipo timatebulo tating'ono tambirimbiri tanyamula mawotchi, mabotolo a maluwa ndi zithunzi za achibale zoikidwa m'mafelemu asiliva. Pansi, pafupi ndi malo osonkhapo moto, nthawi zambiri pamakhala chikopa cha chimbalangondo kapena cha nyama ina yolusa, mutu wake uli pomwepo. Palibe nyuzipepala yotayidwa pampando, kapu yomwera tiyi kapena phulusa la moto wa dzulo, chifukwa antchito anali atayeretsa chipindacho wojambula asanafike, ndipo mwininyumba ankafuna kuti chilichonse chimene anagula chionekere. Baron Ferdinand de Rothschild, amene anamangitsa Waddesdon Manor pakati pa 1874 ndi 1889 motengera nyumba zachifumu za ku France, anafika posindikiza yekha mu 1897 buku la zithunzi za nyumba yakeyo, lodziwika ndi dzina lakuti Red Book, limene ankapatsa anzake ngati mphatso.

Magazini ya Country Life ndi chipinda chochotsedwa katundu

Pa 8 Januwale 1897 panatuluka kope loyamba la magazini ya mlungu ndi mlungu yotchedwa Country Life, imene anaiyambitsa Edward Hudson, mwini kampani yosindikiza mabuku ku London. Magaziniyi inadalira luso latsopano losindikizira zithunzi pozigawa m'timadontho ting'onoting'ono takuda, lomwe linathandiza kuti chithunzi cha kamera chituluke patsamba limodzi ndi mawu popanda kuchijambulanso pamanja, ndipo Hudson ankagwiritsa ntchito pepala losalala lokwera mtengo kuti zithunzizo zioneke bwino. Kope lililonse linkakhala ndi nkhani yaitali yonena za nyumba imodzi ndi dimba lake, yolembedwa ndi akatswiri monga H. Avray Tipping ndipo pambuyo pake Christopher Hussey, ndipo zithunzi zake zoyambirira zambiri anajambula ndi Charles Latham, amene ntchito yake inasonkhanitsidwa m'mabuku atatu otchedwa In English Homes pakati pa 1904 ndi 1909. Kuyambira m'nthawi ya nkhondo yoyamba, A. E. Henson anagwira ntchito yomweyo kwa zaka pafupifupi 40.

Zithunzi za magaziniyi zimasiyana kwambiri ndi za Bedford Lemere ngakhale kuti nthawi zina zinkajambulidwa m'zaka zomwezo. Hudson ndi olemba ake ankanyansidwa ndi kudzaza kwa zipinda za m'nthawi ya Victoria, ndipo ankakonda makoma amatabwa a mtengo wa oki, pansi popanda kapeti ndi mipando yochepa yakale, choncho ojambula awo ankatulutsa timatebulo, mitengo ya m'miphika ndi mipando yawofuwofu, n'kusiya zinthu zokhazo zimene zinkagwirizana ndi msinkhu wa chipindacho. Nthawi zina mpando umodzi wakale unkanyamulidwa kuchoka m'chipinda china kupita m'china, moti wowerenga watcheru amaupeza m'zithunzi zingapo za nyumba imodzi. Chimene owerenga ankaona sichinali chipinda chimene banja linkakhalamo, koma chipinda chimene akonzi ankakhulupirira kuti ndi mmene chiyenera kukhalira, ndipo popeza owerenga ambiri anali anthu a m'tauni amene analemera chifukwa cha malonda ndi mafakitale, iwo anayamba kumangitsa ndi kukongoletsa nyumba zawo motsanzira zithunzizo. Mmisiri Edwin Lutyens, amene Hudson anamupatsa ntchito yomumangira Deanery Garden ndi yokonza Lindisfarne Castle, anatchuka kwambiri chifukwa cha masamba a magaziniyi. Motero kamera, imene poyamba inkangolemba zimene yapeza, inayamba kulamula maonekedwe a nyumba zimene zinali zisanamangidwe.

Anthu ndi chuma zimene sizinalowe m'chithunzi

Chipinda chilichonse chonyezimira chinkadalira ntchito ya anthu ambiri amene zithunzi sizionetsa. Kalembera wa mu 1891 anapeza kuti ku England ndi Wales kunali akazi oposa 1 miliyoni ogwira ntchito zam'nyumba, ndipo nyumba yaikulu inkatha kukhala ndi antchito am'kati makumi angapo, oyang'aniridwa ndi bambo wamkulu wa operekera zakudya ndi mayi woyang'anira nyumba amene ankasunga makiyi. Atsikana ankadzuka kusanache kukolopa, kuchotsa phulusa, kukweza malasha ndi madzi otentha pamakwerero akumbuyo ndi kupukuta mwaye wa nyali, ndipo ankayenera kumaliza banja lisanatsike. Ku Uppark, m'chigawo cha Sussex, kumene mayi wa wolemba mabuku H. G. Wells anali woyang'anira nyumba kuyambira mu 1880, antchito ankadutsa m'njira zapansi panthaka zolumikiza nyumba yaikulu ndi nyumba zogwirira ntchito. Makhitchini, zipinda zochapira ndi zipinda zogona antchito za kudenga sizinkajambulidwa kawirikawiri, pokhapokha mwininyumba kapena kampani ikafuna kuonetsa chipangizo chatsopano. Nyumba ya Erddig, pafupi ndi Wrexham ku Wales, ndi yosiyana ndi zinzake pa mfundo imeneyi, chifukwa banja la Yorke linayamba kupentetsa zithunzi za antchito ake m'zaka za m'ma 1790, kenako linayamba kuwajambulitsa ndi kamera kuyambira mu 1852, aliyense atanyamula chida cha ntchito yake, ndipo linkawalembera ndakatulo zofotokoza moyo wawo.

Chinthu china chimene chithunzi sichinena ndi gwero la ndalama zimene zinagula zonsezo. Nyumba zambiri zinamangidwa ndi lendi ya alimi obwereka minda kapena ndi phindu la migodi ya malasha, koma zina zinamangidwa ndi chuma cha ukapolo. Banja la Lascelles, limene linamanga Harewood House ku Yorkshire, linalemera ndi malonda ndi minda ya nzimbe ya ku Barbados, ndipo banja la Pennant la ku Penrhyn Castle linali ndi minda ya nzimbe ku Jamaica. Ukapolo utathetsedwa ndi lamulo la mu 1833, boma linapereka mapaundi 20 miliyoni ngati chipukuta misozi kwa eni akapolo, osati kwa akapolowo, ndipo mu 2020 bungwe la National Trust linatulutsa lipoti losonyeza kuti malo 93 mwa amene limasamalira ali ndi mbiri yokhudzana ndi ukapolo kapena utsamunda. Zizindikiro za maulendo a kunja zimaoneka m'zipinda momwemo, m'minyanga ya njovu, mikondo ndi nyanga zopachikidwa m'makoma. Ku Newstead Abbey, pafupi ndi Nottingham, imene kale inali ya wolemba ndakatulo Lord Byron, mwini wake William Frederick Webb anakongoletsa nyumbayo ndi zikopa ndi nyanga za nyama zimene anapha kummwera kwa Africa, kumene anadziwana ndi David Livingstone. Livingstone anakhala m'nyumba imeneyi kuyambira mu 1864 mpaka mu 1865, ndipo m'menemo ndi mmene analembera buku lake lofotokoza za ulendo wa pa Zambezi, mtsinje wa Shire ndi nyanja imene lero ndi Nyanja ya Malawi.

Kugwa kwa nyumbazi ndi ntchito yatsopano ya zithunzi

Nthawi imene kamera inafika potha kujambula zipinda bwino ndi nthawi yomweyo imene maziko a chuma cha nyumbazi anayamba kugwedezeka. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, tirigu wotchipa wochokera ku America anagwetsa mitengo ya zokolola ndi lendi ya minda, ndipo lamulo la mu 1882 linalola eni malo kugulitsa minda ndi katundu wa makolo amene kale ankangoyenera kusiyira ana awo. Mu 1894 nduna ya zachuma, William Harcourt, inakhazikitsa msonkho wa chuma chamasiye umene poyamba sunkapitirira 8 peresenti, koma unakwera kufika pa 40 peresenti mu 1919 ndi 80 peresenti mu 1949 pa chuma chachikulu kwambiri. Nkhondo yoyamba inapha ana ambiri amene akanalowa m'malo mwa makolo awo, antchito anapeza ntchito za malipiro abwino m'mafakitale ndi m'maofesi, ndipo pankhondo yachiwiri boma linatenga nyumba zambiri kuti zikhale malo a asilikali, zipatala ndi masukulu, n'kuzibweza zitawonongeka kwambiri.

Hamilton Palace ku Scotland, imene inali imodzi mwa nyumba zazikulu kuposa zonse za anthu osakhala a banja lachifumu, ikuonetsa bwino mmene zinthu zinayendera. Katundu wake wamtengo wapatali anagulitsidwa pa okushoni ya masiku 17 ku London mu 1882, nthaka ya pansi pake inayamba kutitimira chifukwa cha migodi ya malasha imene inkalemeretsa banja lomwelo, ndipo Country Life inajambula zipinda zake mu 1919 itatsala pang'ono kugwetsedwa m'zaka za m'ma 1920. Makoma amatabwa a chipinda chake chodyera ali lero ku Museum of Fine Arts ku Boston. Clumber House inagwetsedwa mu 1938, Coleshill House inapsa mu 1952 n'kugwetsedwa pambuyo pake, ndipo mbali yaikulu ya Eaton Hall inagumulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Nyumba zoposa 1,000 zinatha motere m'zaka za m'ma 1900.

Pamene kuwonongekaku kunkakula, zithunzi zimene zinajambulidwa pofuna kudzionetsera kapena kugulitsa magazini zinapeza ntchito ina. Mu 1941 kunakhazikitsidwa National Buildings Record, nkhokwe imene cholinga chake chinali kusonkhanitsa ndi kujambula zithunzi za nyumba zimene zikanatha kuphulitsidwa ndi mabomba. Mu 1974, Roy Strong, John Harris ndi Marcus Binney anakonza chionetsero ku Victoria and Albert Museum chotchedwa The Destruction of the Country House, chimene chinaika pamaso pa anthu zithunzi mazanamazana za nyumba zogwetsedwa, ndipo mkwiyo umene chinadzutsa unathandiza kuti chaka chotsatira kukhazikitsidwe bungwe la SAVE Britain's Heritage ndi kuti kugwetsa nyumba zotere kukhale kovuta. National Trust, imene lamulo la mu 1937 linailola kulandira nyumba zikuluzikulu pamodzi ndi katundu wake, inalandira Lacock Abbey mu 1944 ndi Erddig mu 1973. Uppark itapsa pa 30 Ogasiti 1989, amisiri anagwiritsa ntchito zidutswa zopulumuka pamoto pamodzi ndi zithunzi zakale pobwezeretsa pulasitala, makatani ndi mapepala a m'makoma, ndipo nyumbayo inatsegulidwanso mu 1995.

Pamenepa pali chinthu chimene wophunzira mbiri ayenera kusamala nacho. Osamalira nyumba zakale akafuna kudziwa malo amene tebulo kapena chithunzi chopenta chinali, amatembenukira ku magalasi a Bedford Lemere, ku masamba a Country Life kapena ku mabuku onga Red Book, ndipo zotsatira zake n'zakuti chipinda chimene mlendo amaona lero nthawi zina chimatsatira dongosolo limene linakonzedwa m'mawa umodzi chifukwa cha kubwera kwa wojambula. Ndiye chifukwa chake akatswiri sawerenga zithunzizi pazokha, koma amaziyerekeza ndi mindandanda ya katundu imene inkalembedwa mwininyumba akamwalira, ndi makatalogu a okushoni, ndi mabuku a malipiro a antchito, ndiponso ndi makalata a alendo, ndipo akapeza zithunzi ziwiri za chipinda chimodzi zojambulidwa ndi makampani osiyana amaphunzira zambiri pa kusiyana kwake kuposa pa kufanana kwake. Kuwerenga kotereku kwasinthanso mmene nyumbazo zimaonetsedwera. Ku Erddig, kuyambira pamene inatsegulidwa kwa anthu onse mu 1977, alendo salowera pakhomo lalikulu la kutsogolo, koma amadutsa kaye kumalo opalira matabwa, kochapira zovala ndi kukhitchini, kotero kuti akamafika m'zipinda zochezera amakhala atadziwa kale kuchuluka kwa manja amene ankafunika kuti chipinda chimodzi chikhale choyenera kujambulidwa.